Kuzula tsitsi la pathupi ndi wax popanda kuvulaza khungu

Wax, phula lomata lozulira tsitsi, sasiyanitsa tsitsi ndi khungu. Mukamupaka pathupi amamatira chilichonse chimene wapeza, ndipo pokoka amanyamula tsitsi limodzi ndi khungu lakufa la pamwamba. Khungulo likakhala lofooka, kapena dzanja lanu likakoka molakwika, amasendanso khungu lamoyo. Choncho aliyense wogwira ntchitoyi mu saluni maso ake azikhala pakhungu. Tsitsi silivuta kuchoka zina zonse zikachitika bwino, koma bala la pansi pa nsidze kapena banga lakuda m'khwapa limatha miyezi, ndipo mwini wake amaliona tsiku ndi tsiku pagalasi.

Kufunsa, wax asanafike pathupi

Yatsani chotenthetsera msanga kuti wax asungunuke pang'onopang'ono, ndipo podikirapo khalani pansi ndi kasitomala. Mafunso ake ndi ochepa, koma musadumphe lililonse ngakhale kwa munthu amene munamuzolowera, chifukwa mankhwala amene anthu amamwa ndi mafuta amene amadzola amasinthasintha.

Yambani ndi mankhwala a ziphuphu. Munthu amene akumwa isotretinoin, yemwe amagulitsidwa ndi mayina monga Roaccutane ndi Accutane, asazulidwe ndi wax paliponse pathupi, ndipo adikire miyezi 6 atamaliza kumwa. Mankhwalawa amaumitsa khungu n'kulifooketsa moti limasendeka ngakhale mukoke mwaluso chotani. Abale ake odzola, monga tretinoin, adapalene ndi retinol, amachita zomwezo pamalo pamene apakidwa. Kasitomala asiye kudzola pamalopo kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo, ndipo ngati anachita kumulembera dokotala, ayambe wafunsa dokotalayo asanasiye. Chimodzimodzi mafuta okhala ndi glycolic acid, salicylic acid kapena benzoyl peroxide, komanso khungu limene langochitidwa kumene peel, kutanthauza kusenda khungu la pamwamba ndi mankhwala.

Pali funso lina limene limafuna nzeru pofunsa. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo munthu akawadzola nthawi yaitali khungu limapyapyala. Anthu ambiri savomera mukawafunsa mwachindunji kuti amadzola zoyeretsa. Afunseni chonchi: “Mayi, mungandiuzeko mafuta onse amene mumadzola kumaso ndi pathupi, ngakhale amene mumadzola usiku okha?” Kenako yang'anani nokha. Khungu lonyezimira modabwitsa, loonetsa timitsempha tofiira, lokhala ndi mizere yaikulu yong'ambika pamikono kapena m'ntchafu, limenelo musaliyandikire ndi wax. Mufotokozereni mwaulemu chifukwa chake. Kubweza kasitomala kumawawa, koma ine ndimaona kuti n'kwabwino kusiyana ndi kumutulutsa mu saluni ali ndi chilonda.

Funsaninso za matenda a shuga, chifukwa mabala awo amachedwa kupola ndipo ena samva bwino kutentha m'miyendo, kotero sangakuuzeni wax akamawawotcha. Omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin amachita mikwingwirima msanga. Amene akulandira chithandizo cha khansa abwere ndi chilolezo cha dokotala. Mayi woyembekezera akhoza kuzulidwa, koma khungu lake limamva kuwawa kwambiri, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali, mutsamiritseni. Masiku oyandikira msambo nawonso ululu umachuluka, ndiye ndi bwino kumudziwitsa posankha tsiku.

Mukatha kufunsa, onani khungu pamalo owala bwino. Zipere, mphere, matuza a pamilomo, zilonda zotuluka mafinya ndi nsungu zosadziwika chiyambi chake, zonsezi zikutanthauza kuti lero palibe wax. Apite kaye kuchipatala. Zina mumangozilambalala: njerewere, chipsera chosakwana miyezi 6, mitsempha yotupa ya m'miyendo, pamene pachekeka, pamene papsa ndi dzuwa. Kadontho kobadwa nako kaphimbeni ndi petroleum jelly kuti wax asamatirepo, ndipo tsitsi lomera pakadonthopo lidulidwe ndi sizasi.

Kasitomala watsopano muyeseni kaye kamalo kakang'ono, monga mkati mwa mkono, maola 24 mpaka 48 ntchito yeniyeni isanachitike. Wax wambiri amapangidwa ndi utomoni wa mitengo ya paini wotchedwa rosin kapena colophony, ndipo pali anthu amene thupi lawo limadana nawo: pamalopo pamayabwa, kutupa, nthawi zina kuchita matuza patapita tsiku limodzi kapena awiri. Oterewa amafunika wax wa utomoni wopangidwa kufakitale, amene pachitini pake amalemba kuti mulibe rosin, kapena shuga wozulira. Zonse zimene mwamva zilembeni pakhadi yake ndipo asainire.

Utali wa tsitsi

Wax amagwira bwino tsitsi lotalika mamilimita 5 kapena 6. Kwa munthu amene wakhala akumeta ndi lezala, apa ndi pafupifupi masabata awiri kapena atatu chimetereni. Likafupika kuposa apa mumangovutitsa khungu, tsitsi n'kutsala momwemo. Likatalika kupitirira sentimita imodzi limapiringizana mu wax, limaduka, ndipo ululu umachuluka, choncho lichepetseni kaye ndi sizasi kapena makina ometera.

Mufotokozerenitu kasitomala kuti tsitsi la pathupi silikulira pamodzi. Lina limakhala likukula, muzu wake uli wolumikizana ndi magazi, ndipo gawo limeneli limatchedwa anagen. Lina limakhala lasiya kukula, muzu ukufota, ndilo gawo la catagen. Lina likupuma podikira kuthothoka, gawo la telogen, pamene latsopano likukonzekera pansi. N'chifukwa chake munthu wozulidwa koyamba amaona timatsitsi tikutuluka patangotha sabata imodzi n'kumaganiza kuti simunagwire bwino ntchito. Timeneto ndi tija tinali tisanatulukire pamwamba tsiku lozula. Mukamuuza zimenezi ntchito isanayambe, amamvetsa. Mukamuuza atabwera kudzadandaula, zimamveka ngati mukudziteteza.

Kusankha wax

Mitundu ikuluikulu ndi itatu, ndipo saluni yofuna kugwira ntchito thupi lonse iyenera kukhala ndi iwiri mwa imeneyi.

Wax wofewa ndi uja amapakidwa mopyapyala n'kuchotsedwa ndi kansalu kapena kapepala kotchedwa strip. Sauma pathupi, amakhalabe womata. Ndi wachangu ndiponso satha msanga, choncho ndi woyenera malo aakulu monga miyendo, mikono ndi msana. Vuto lake ndi lakuti amamatira khungu mwamphamvu, ndiye lamulo lake ndi limodzi: pamalo pamodzi amapakidwa kamodzi kokha. Alipo woonekera mkati ndi wina wa kirimu, amene nthawi zambiri amathiramo titanium dioxide kuti asalume kwambiri khungu. Aliponso wa m'makatiriji okhala ndi chogudubuzira kumutu, amene amapaka mulingo wofanana paliponse. Mutu wogudubuzawo ukhale wa kasitomala mmodzi.

Wax wouma amabwera ngati timibulu kapena zibuma. Amapakidwa mochindikala, amalimba akamazizira, ndipo mumamuchotsa ndi zala popanda strip. Akamazizira amakulunga tsitsi lililonse n'kuligwira zolimba, pamene khungu, ngati mwalipaka timafuta pang'ono, saligwira kwambiri. Ameneyu ndiye wa kumaso, m'khwapa ndi kumalo obisika, kumene tsitsi ndi lokhuthala koma khungu ndi losachedwa kuvulala. Wakale anali wa phula la njuchi ndi rosin, ankafuna moto wambiri ndipo ankaphwanyika akauma. Wamakono amathiramo zinthu zomupangitsa kutamuka, moti amapindika osathyoka ndipo amasungunuka pa moto wochepa. Makampani odziwika pa ntchitoyi, monga Lycon wa ku Australia, Perron Rigot wa ku France, Depilève wa ku Spain ndi Rica wa ku Italy, amapanga mitundu ingapo, wina wa tsitsi lalifupi lolimba, wina wa khungu losachedwa kuyabwa. Dzina lokha lisakukopeni. Werengani zimene zasakanizidwamo ndi kutentha kumene alemba pachitini, ndipo musasakanize wax wa makampani awiri mupoto mmodzi, chifukwa aliyense ali ndi posungunukira pake.

Wachitatu ndi shuga wozulira, wopangidwa ndi shuga, madzi ndi mandimu. Amagwira ntchito ali wofunda ngati thupi, amachoka ndi madzi, ndipo kazulidwe kake ndi kotembenuza: mumamupaka ndi dzanja mopinga kumene tsitsi likulowera, n'kumuthyapula motsata kumene likulowera. Ndi wabwino kwa anthu odana ndi rosin, koma dzanja lake limafuna kuphunzira padera, makamaka m'chipinda chotentha momwe amalobodoka n'kumamatira magolovesi.

Pambali pa wax mukhale ndi mankhwala otsukira khungu musanazule, mafuta opepuka opaka pansi pa wax wouma, paudala wopanda fungo, mafuta ochotsera zotsalira, zoziziritsa khungu monga aloe vera, timitengo topakira tatikulu ndi tating'ono, ma strip, tweezer (kopanira tsitsi limodzilimodzi), sizasi, thonje, magolovesi ndi pepala loyala pabedi.

Ukhondo ndi kutentha

Kamtengo kakakhudza khungu la munthu kasabwererenso mupoto. Katayeni, tengani kena. Anthu ena amati kutentha kwa wax kumapha tizilombo, koma si zoona: wax amene mukupaka pathupi amakhala pa madigiri 40 ndi pang'ono, ndipo pamenepo tizilombo tambiri sitifa. Pozula m'khwapa ndi kumalo obisika timadontho ta magazi timatuluka kawirikawiri, ndiye kamtengo kobwerera mupoto kamatengera magazi a munthu mmodzi kwa onse obwera pambuyo. Timitengo ndi totchipa kuposa china chilichonse m'chipindamo, musatiumire. Valani magolovesi atsopano kwa kasitomala aliyense, makamaka a nitrile popeza ena amadana ndi latex. Wax amene wachoka pathupi ndi wotaya, sasungunulidwanso.

Wax wofewa nthawi zambiri amagwira ntchito pa madigiri 40 mpaka 43. Wouma amasiyanasiyana, ndiye tsatirani zimene wopanga walemba. Koma nambala ya pachotenthetsera musaikhulupirire yokha, chifukwa m'mbali ndi pansi pa poto mumatentha kuposa pakati. Takasani bwino, kenako nyamulani ndi kamtengo muone. Akamayenderera ngati madzi, watentha kwambiri. Akamakana kuchoka pakamtengo n'kumapanga ulusi wautali, wazizira. Woyenera amatsika pang'onopang'ono, ndipo mukapotokola kamtengo amakhazikika osadontha. Dziyeseni nokha mkati mwa mkono pafupi ndi dzanja musanavale golovesi, kenako yesani kadontho pamalo pomwe mukufuna kuzula n'kumufunsa kasitomala ngati kutenthako kuli bwino. Mukawonjezera wax watsopano mupoto, kapena mukasamukira pamalo ofewa, yesaninso. Pa madigiri 60 khungu limapsa m'masekondi ochepa chabe.

Kukonza khungu

Pukutani malowo ndi mankhwala otsukira kuti muchotse thukuta, mafuta odzola, zodzikongoletsera ndi zonunkhiritsa za m'khwapa, kenako umitsani. Wax samatira pachinyezi. Ngati mugwiritsa ntchito wax wofewa ndipo khungu likuchita thukuta, wazani paudala pang'ono kwambiri. Ngati ndi wouma, pakani kadontho ka mafuta n'kupukuta otsala ndi tishu mpaka khungu lisiye kunyezimira. Mafuta akachuluka wax amaterera osagwira kanthu.

Musanapake, yendetsani chala patsitsi kuti muone kumene likulowera. Anthu ambiri ongoyamba amalakwitsa pamenepa poganiza kuti tsitsi lonse la mwendo limaloza pansi.

Kuzula ndi wax wofewa

Tapani wax, pukutani mbali imodzi ya kamtengo pamlomo wa poto, ndipo ponyamula ikani dzanja lina pansi pake kuti asadonthere kasitomala. Imikani kamtengo chammbali pakhungu n'kukoka kamodzi motsata kumene tsitsi likulowera. Wax akhale wopyapyala moti khungu lizioneka pansi pake. Akachindikala strip imangoterera pamwamba, tsitsi n'kutsala, ndipo pokoka khungu limakokeka kwambiri.

Ikani strip pamwamba, kusiya masentimita awiri kapena atatu opanda wax kumapeto kumene tsitsi likuloza, kuti mupeze pogwira. Sisitani mwamphamvu kawiri kapena katatu motsata tsitsi.

Apa tsopano ndi pamene pagona luso lonse. Dzanja limene silikukoka likanikize khungu pansi penipeni pa pogwirira paja n'kulikokera kumbuyo kuti likungike. Dzanja linalo likoke strip mopinga tsitsi, mwachangu, kamodzi, lili pafupi ndi khungu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati mukutembenuza tsamba la buku mofulumira. Musakokere m'mwamba. Mukakokera m'mwamba khungu limanyamuka limodzi ndi strip, timitsempha ta pansi timaphulika n'kusiya mikwingwirima, ndipo tsitsi limaduka pakati m'malo mozuka ndi muzu. Mukakoka mozengereza pomvera chisoni kasitomala, ululu umatalika ndipo wax amatsalira pakhungu. Nthawi yomweyo strip ikachoka, ikani chikhatho pamalopo n'kukanikiza masekondi angapo; kukanikizako kumaphimba ululu. Zimathandizanso kumuuza kuti apumire mkati pamene mukusisita, n'kutulutsa mpweya pamene mukukoka.

Yang'anani strip yanu. Tsitsi lozuka bwino limakhala ndi kamutu kumapeto. Mukaona lambiri lilibe kamutu, likuduka, ndiye konzani kakokedwe kanu kapena onaninso kutentha kwa wax. Strip imodzi mukhoza kuigwiritsa ntchito kangapo pa munthu yemweyo mpaka itadzaza. Timatsitsi totsalira tichotseni ndi tweezer, osati kupakanso wax wofewa pomwepo.

Kuzula ndi wax wouma

Pakani mokanikiza kuti wax alowe mpaka patsinde pa tsitsi. Wamakono ambiri amapakidwa motsata tsitsi, koma pa tsitsi lalifupi lolimba ena amayamba mopinga kenako n'kubwerera motsata kuti lililonse likulungidwe. Chigamba chikhale chochindikala pafupifupi mamilimita awiri, m'mbali mwake mofanana ndi pakati, chifukwa m'mbali mukapyapyala mumatsalira tizidutswa tovuta kutola. Kumapeto kumene mugwire, pitirizani pang'ono mpaka pamalo opanda tsitsi n'kusiyapo kamlomo kochindikala.

Dikirani mpaka asiye kunyezimira, ndipo mukamukhudza ndi chala asamatire koma akhale wofewabe. Tukulani kamlomo kaja, kungani khungu, kokani mopinga tsitsi muli pafupi ndi khungu, kanikizani. Mukachedwa n'kupeza wauma mpaka kuphwanyika, musamukande. Pakani wina wofunda pamwamba pake, amafewanso n'kuchokera limodzi. Mosiyana ndi wofewa, wouma mukhoza kumubwereza kamodzi pamalo pomwepo ngati khungu likuoneka bwino ndipo mwapakanso timafuta.

Malo ndi malo

Miyendo ndi yosavuta. Yambani kutsogolo kuchokera kukakolo kukwera m'mwamba, pindani bondo kuti khungu la pabondo likungike, kenako kasitomala agone chafufumimba. Kumbuyo kwa akatumba ndi ntchafu tsitsi limakonda kupita chammbali, ndipo kuseri kwa bondo khungu ndi lofewa, ndiye pakani tizigamba tating'ono.

M'khwapa, kasitomala aike dzanja kuseri kwa mutu. Tsitsi la pamenepa limalowera mbali ziwiri kapena zitatu, nthawi zambiri la kumtunda kuloza m'mwamba, la kumunsi kuloza pansi, choncho gawani malowo ndipo gawo lililonse lizulidwe palokha. Thukuta limabwerera msanga chifukwa cha mantha, ndiye pukutani n'kuwaza paudala musanapake chigamba chotsatira. Timadontho ta magazi si tachilendo, makamaka ulendo woyamba. Mukamva chotupa pansi pa khungu, siyani ndipo mulangizeni akaonane ndi dokotala.

Nsidze zimafuna kugwirizana kaye, kasitomala atagwira galasi. Poyambira nsidze ndi mzere woongoka wochokera m'mbali mwa mphuno kukwera m'mwamba, ndipo pothera ndi mzere wochokera m'mbali mwa mphuno kudutsa pangodya yakunja ya diso. Pesani nsidze, tetezani tsitsi lofunika kutsala ndi petroleum jelly, ndipo gwiritsani ntchito kamtengo kakang'ono kokhala ndi wax wochepa. Maso akhale otseka, ndipo kamtengo kasadutse pamwamba pa diso, kazungulireni chakumutu. Khungu la chikope ndi lopyapyala kwambiri, ndipo pamenepa ndi pamene anthu odzola retinol amasendeka kawirikawiri. Pamwamba pa mlomo gawani pawiri kapena patatu, kasitomala alowetse milomo mkati kuti khungu likungike, ndipo wax asafike pamlomo penipeni. Mayi akakuuzani kuti ndevu zokhuthala zayamba kumera mwadzidzidzi pachibwano, makamaka ngati msambo wake ukusokonekeranso, muzuleni ndithu koma mulimbikitseni akayezetse, chifukwa zimenezi nthawi zina zimachokera ku vuto la mahomoni monga PCOS.

Kumalo obisika musagwireko ngati simunaphunzitsidwe ndi munthu wodziwa, ndipo ndi ntchito ya akuluakulu okhaokha. Gwirizanani kaye za zimene zichotsedwe, chifukwa mayina amasokoneza. Bikini wamba amachotsa za m'mbali mwa kabudula wamkati. Brazilian, dzina limene linatchuka kudzera mu saluni ya J. Sisters imene amayi apachibale ochokera ku Brazil anatsegula ku New York mu 1987, m'masaluni ambiri amasiya kamzere kutsogolo. Hollywood amachotsa zonse. Koma saluni ndi saluni imatchula mosiyana, ndiye funsani ndi mawu omveka. Mupatseni zopukutira, thaulo ndi mpata woti akonzeke yekha chitseko chili chotseka. Vundukulani pokhapo pamene mukugwira ntchito, ndipo muuzeni chimene mukufuna kuchita musanamukhudze. Gwiritsani ntchito wax wouma m'tizigamba tosaposa zala ziwiri m'lifupi, kuyambira kunja kulowa mkati. Mupempheni akuthandizeni kukunga khungu ndi dzanja lake. Khungu la m'mphechepeche ndi lolobodoka ndipo limang'ambika likapanda kugwiridwa bwino. Akanena kuti muime, imani.

Msana ndi chifuwa cha abambo zimakonda kutuluka tiziphuphu pambuyo pake, ndiye tsukani bwino musanayambe ndi pomaliza, ndipo lambalalani nsonga za mabere.

Pomaliza kuzula, ndi zikavuta

Wax wotsalira amachoka ndi mafuta, madzi samuchotsa. Pukutani ndi thonje la mafuta, kenako pakani zoziziritsa zopanda fungo ndi zopanda spiriti. Kufiira ndi timadontho pamabowo a tsitsi ndi zoyembekezereka ndipo zimatha m'maola ochepa kapena tsiku limodzi. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndiye khudzani mumve kutentha ndipo funsani mwini wake momwe akumvera. Ena amatuluka zidzolo zoyabwa nthawi yomweyo. Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira imathandiza.

Mukaona kamalo konyezimira, konyowa, kowawa ngati papsa, khungu lasendeka. Siyani kuzula pamenepo, tsukani ndi madzi oyera, ziziritsani, pakani petroleum jelly pang'ono, ndipo muuzeni kasitomala zoona nthawi yomweyo, asakazionere yekha kunyumba. Asatong'ole nkhanambo ndipo apatchinge kudzuwa. Ngati wapsa ndi wax wotentha, thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osaikapo ayezi. Pakachita matuza aakulu, kapena pakapsa kumaso kapena kumalo obisika, apite kuchipatala.

Kwa maola 24 mpaka 48 mabowo a tsitsi amakhala otseguka ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Kasitomala apewe madzi otentha kwambiri, sauna (chipinda chotentha chotulutsira thukuta), kusambira m'dziwe, masewera otulutsa thukuta, dzuwa, zovala zothina, zonunkhiritsa pamalo ozulidwa, komanso kugonana ngati wazulidwa kumalo obisika. Tiziphuphu ta mafinya pamabowo a tsitsi nthawi zambiri timayamba ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus. Tikachepa timatha tokha ndi ukhondo, koma tikamafalikira, kutupa kapena kubwera ndi kutentha thupi, n'zofunika dokotala. Malangizowa mupatseni olembedwa, chifukwa munthu wongodzuka pabedi la wax sakumbukira zonse zimene wauzidwa.

Kwa anthu a tsitsi lopotana vuto lalikulu limabwera mochedwerapo. Tsitsi latsopano likamamera limapinda n'kulasa khoma la bowo lake kapena kubwerera m'khungu, pamalopo n'kutupa kachiphuphu. Pakhungu lakuda, paliponse pamene patupa kapena kuvulala pamatha kutsala banga lakuda lokhala miyezi yambiri, ndipo amene thupi lawo limapanga zipsera zotupa ali pachiopsezo chachikulu. Kupewa kumayambira m'manja mwanu, chifukwa tsitsi loduka pansi pa khungu ndi limene limakonda kumerera mkati. Mbali ya kasitomala ndi iyi: patatha masiku atatu ayambe kukhula khungu mofatsa kawiri kapena katatu pasabata, azidzola mafuta opepuka tsiku lililonse kuti khungu likhale lofewa, ndipo ngati vutoli limamuchitikira kawirikawiri, mankhwala odzola a salicylic acid amathandiza, bola awasiye sabata yathunthu asanabwere kudzazulidwanso. Asakumbe tsitsi ndi singano kapena zikhadabo. Mabanga ambiri amachokera pa kukumbako. Malo oonekera padzuwa monga kumaso azipaka mafuta oteteza kudzuwa (sunscreen) a SPF 30 kapena kuposa.

Mupatseni tsiku lobweranso pakatha masabata 4 mpaka 6 pa za pathupi, ndi masabata 3 mpaka 4 pa za kumaso, ndipo pakatipa asamete. Musamulonjeze kuti tsitsi lidzatheratu, wax sathetsa tsitsi. Chimene ambiri amaona ndi chakuti lomera pambuyo pozula limakhala lofewa kunsonga, ndipo ena likazulidwa mobwerezabwereza limayamba kumera patalipatali.

Kasitomala akatuluka, tayani pepala la pabedi, timitengo, ma strip ndi magolovesi m'bini yotseka, ndipo zokhala ndi magazi zitayidwe motsata malamulo a zaumoyo a kumene mukugwirira ntchito. Tweezer ndi sizasi zitsukeni kaye ndi sopo musanaziviike m'mankhwala ophera tizilombo kwa nthawi imene yalembedwa pabotolo. Wax wodonthera m'mbali mwa chotenthetsera amachoka mosavuta poto akadali wofunda, mutazimitsa magetsi, ndipo poto azikhala wovundikira kuti musagwere fumbi ndi tsitsi. Kenako tengani khadi ija mulembe mtundu wa wax amene mwagwiritsa ntchito, malo amene mwazula, kumene tsitsi lake limalowera pamalo ovuta, ndi momwe khungu linaonekera pomaliza.